Chaka Chimene Doza Inkakana Apongozi Anga

Anthu a ku komboni ya George amachikumbukira chaka chimenecho ndi chimanga chimene chinauma chili chiimire, chisanabereke. Ine ndimachikumbukira ndi buludoza imodzi yakale yachikasu, imene inandisandutsa chitsiru kwa miyezi inayi pamaso pa bwana wanga ndi pamaso pa anansi anga.

Dzina langa ndi Yohane Phiri, koma m'komboni amanditchula bashi Taonga, potengera mwana wathu woyamba. Ndine makanika wa makina a dizilo. Ndili ndi mtima wapachala, ndipo ndikakwiya pakamwa panga sipasunga kanthu. Ndanena ndekha kuti wina asavutike kukuuzani.

Novembala

Kuseri kwa George, kumene nyumba zimathera n'kuyamba mapulazi, kuli famu ya a Hamoonga. Chaka chimenecho mkuluyu anaganiza zotchinga kamtsinje kodutsa pafamupo kuti apange damu, azilima ndiwo zamasamba ndi chimanga chothirira. Anali ndi doza yakeyake, yakale kuposa ineyo, imene anaigula kwa munthu wina womanga misewu. Woyendetsa wake anali a Mulenga, apongozi anga, bambo ake a mkazi wanga Mwansa. Iwo anakalambira pa makina oterewa ku migodi ya ku Kopabeluti asanasamukire kuno. Wokonza ndinali ine. Malipiro anali ochepa, koma pamwamba pake aliyense wa ife ankalandira thumba la ufa pamwezi, ndipo akazi athu anapatsidwa kachigawo ka munda m'mphepete mwa famu. Choncho nyumba ziwiri, yanga ndi ya apongozi, zinkadya pa doza imodzi.

Mbemba wina aliyense ndimamuseka kuti amadya anyani, iye n'kundibwezera kuti ife a kum'mawa tinatha mbewa zonse m'dziko, tonse n'kuseka. A Mulenga nawo ndi Mbemba, koma awa anali apongozi. Sitinkadyera pamodzi, sitinkakhala pampando umodzi, ndipo sitinkayang'anana m'maso. Ndikafika pa doza, iwo ankatsika, kuwomba m'manja pang'ono, n'kupita kukakhala patali pansi pa mtengo wa msuku mpaka nditamaliza. Mawu athu onse ankadutsa mwa Mwansa. Iwo ankamuimbira foni mwana wawo, iye n'kundiuza ine. Zaka zisanu ndi zinayi tinakhala choncho popanda vuto, ndipo ndinkanyadira kuti ndine mkamwini wodziwa mwambo ngakhale ndinabadwira m'tauni.

Mvula yoyamba inagwa bwino pakati pa mwezi, anthu n'kuthamangira kubzala. Mmawa wina ndili ku galaja ya mnzanga ku Matero, Mwansa anandiimbira.

"Bashi Taonga, batata batuma foni. Ati yakana."

"Yakana bwanji? Izunguluka koma siigwila, olo ili chabe zii?"

"Ine siniziba va makina. Yakana."

Ndinakwera minibasi, n'kumaliza ulendo wapansi. Apongozi atandiona anatsika monga mwa nthawi zonse. Ndinakwera, kukhala pampando, kupotokola kiyi, doza n'kulira nthawi yomweyo, utsi wakuda tolo. Ndinaizimitsa n'kuiliza kachiwiri ndi kachitatu, osakana ngakhale kamodzi. Ndinapala mitu ya mabatire ndi sandipepa, kumanga zolimba, n'kubwerera ndikuimba mluzu. Patapita masiku awiri foni inaliranso, ndipo mawu ake anali omwewo.

Disembala

Makina ofa kotheratu savuta, chifukwa umapeza chimene chafa n'kuchisintha. Ovuta ndi odwala ukakhala kulibe, ukafika n'kuchira. Doza imeneyi inkalira Lolemba, Lachiwiri n'kukana, Lachitatu n'kulira, kenako n'kukana masiku awiri otsatizana. Ndikafika ine, inkalira ngati yatsopano. Anyamata a pafamu anayamba kundiseka kuti ndiyenera kusamukira pampando pomwepo ndi bulangete langa.

Ndinawauza a Hamoonga kuti mabatire atopa. Iwo anadandaula, koma anagula awiri atsopano. Kwa masabata awiri doza sinakanepo, ndipo dothi linayamba kukwera mbali zonse za kamtsinje. Ndinayenda chifuwa patsogolo. Chimanga cha Mwansa chinali chitafika m'mawondo, chobiriwira bwino, ngakhale mvula inkagwa modumphadumpha ndipo achikulire ena ankayang'ana kumwamba n'kupukusa mitu.

Kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike, ndinapita kukasintha oilo. Kumanzere kwa mpando wa doza kuli liva ya loko, chitsulo chimene umachitsitsa kuti magiya asalowe pamene ukuliza injini. Tsiku limenelo ndinapeza livayo itamangidwa ndi mphira wodulidwa ku chubu chakale, mbali ina atakoleka ku mwendo wa mpando. Ine zinthu zomangamanga pamakina zimandinyansa. Ndinatulutsa mpeni, kudula mphirawo, n'kuimirira pamwamba pa doza ndikuugwedeza kuti aliyense aone.

"Nindani amanga malegeni pamakina?" ndinakalipa, nkhope nditalozetsa kwa anyamata a pafamu. "Iyi si njinga ya malasha. Nikapezanso vinthu va so, nizauza ba Hamoonga bamupishe nchito munthu uyo."

Apongozi anali pansi pa msuku paja, atawerama, chipewa chili pabondo. Mmawa mwake Mwansa anandiuza kuti yakana.

Januwale

Chaka chatsopano chitangolowa, mvula inaleka. Kumwamba kunkachita mitambo masana, kukagunda pang'ono, madzulo n'kuyera mbee. Masamba a chimanga anayamba kupindika. Magetsi nawo anayamba kuzima kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, akuti madzi achepa ku damu yaikulu. Ku galaja ya ku Matero ntchito inaima, chifukwa wowotcherera zitsulo ndi wopopa matayala onse amadalira magetsi. Ine ndinatsala ndi famu basi.

Mtengo wa ufa unkakwera ngati uli ndi miyendo. Anthu amene kale ankanyamula thumba lathunthu paphewa anayamba kugula timapaketi ta pamela, tokwanira chakudya chimodzi. Mphekesera ikamveka kuti ku shopu yakutiyakuti kwabwera ufa wotchipa, azimayi ankathamanga ndi ana kumbuyo, ena n'kubwerako chimanjamanja. Mnansi wathu, bana Mpundu, anatumiza ana ake awiri kumudzi kuti akadye kwa agogo awo, koma sabata isanathe anabwezedwa pamodzi ndi asuweni awo atatu, akuti kumudziko ndiye kwaipiratu. Ifenso tinalandira mlongo wanga ndi mwana wake kuchokera ku Katete. Matumba awiri a ufa a ku famu ndiwo ankatisiyanitsa ndi anthu a pamzere, ndipo tonse tinkadziwa zimenezi ngakhale sitinkazitchula.

Ndinamasula sitata, chinthu cholemera ngati mwana wa ng'ombe, n'kuinyamula pa minibasi mpaka ku Chaisa kwa munthu wina wodziwa kuzikonza. Ndinadikira masiku atatu kuti magetsi abwere aiyese. Anaiyesa n'kundiuza kuti ilibe vuto, koma ndinamukakamiza kusintha mabulashi kuti ndisabwerere opanda chonena. Ndinasintha waya wamkulu wochokera ku batire kupita ku chitsulo cha makina. Ndinasintha sefa ya dizilo, ndikuganiza kuti mwina mpweya ukulowa m'mapaipi. Ndinagula kiyi ina ndi swichi yake. Chilichonse ndikasintha, doza inkalira tsiku limodzi kapena awiri, n'kukananso.

Funso limene ndinkafuna yankho lake linali laling'ono. Ukapotokola kiyi n'kumva kuti tike, ndiye kuti moto wafika pa sitata koma mphamvu yachepa, ndipo umayang'ana mabatire ndi mawaya akuluakulu. Ikangokhala zii, moto sunafike n'komwe, ndipo umaulondola m'timawaya ting'onoting'ono kuchokera pa kiyi. Ikazungulira osagwira, nkhani ndi ya dizilo. Awa ndi matenda atatu osiyana, koma ine ndinkalandira liwu limodzi. Munthu wodziwa yankho ankakhala mapazi makumi atatu kuchokera pamene ndinkagwira ntchito, ndipo sindikanatha kupita kukamufunsa ngati mmene ndingafunsire dalaivala wamba.

"Bana Taonga, bafunseni bwino batata," ndinamuuza Mwansa mmawa wina akukazinga vitumbuwa vogulitsa. "Imachita tike olo imankala zii? Ni funso imozi chabe."

"Nizabafunsa."

Madzulo ndinamukumbutsa.

"Bakamba ati nthawi zina so, nthawi zina so."

"So bwanji?"

"Bashi Taonga, nalema. Nayenda pa mzere wa manzi kuchokela kuseni."

Panali chinanso chimene chinkandidabwitsa. Masiku amene doza inkalira, ntchito inkayenda pang'onopang'ono kuposa kale, ndipo m'dothi mapazi ake ankaonetsa kuti ikukhotera kumanja kokhakokha. Ndinayesa liva yokhotetsera kumanzere, n'kupeza ili bwinobwino. Mumtima ndinayamba kuwaweruza apongozi kuti ukalamba wawapatsa ulesi, ndipo ndikuvomereza kuti ndinawakwiyira.

Febuluwale

Mwezi umenewu dzuwa linawotcha ngati la mu Okutobala. Chimanga chinamasula ngayaye chili chachifupi, ngayayezo n'kuuma zisanagwetse ufa wake. Bana Mpundu anagulitsa firiji, akuti ya chiyani popanda magetsi ndi choikamo. Anandiuzanso, mondimvera chisoni, kuti m'komboni anthu akuti doza ija inalodzedwa, ndipo abusa a kutchalitchi kwawo akhoza kukaidzoza mafuta. Ena ankati ine ndi apongozi tapangana kuti tizimudyera mwini famu pa zipangizo. Mawu amenewa anandipweteka kuposa njala, chifukwa m'moyo mwanga sindinabepo ngakhale nati imodzi.

Sabata yachiwiri kunagwa mvula imodzi yamphamvu, yokhayo mwezi wonse. Doza inali itakana masiku atatu, ine ndili ku Chaisa kufunafuna solenoidi, kachipangizo kamene kamakankha sitata. Pakati pa khoma la damu panali patatsala mpata waukulu. Madzi onse anadutsa pamenepo n'kupita, a Hamoonga ataimirira pamtunda ndi ambulera akuyang'ana. Nditafika mmawa mwake ndinapeza anthu awiri achilendo akuzungulira doza, wina akugogoda chitsulo chakutsogolo ndi mwala kuti amve kulemera kwake. Anali ogula zitsulo zakutha a ku Mandevu.

"Ba Phiri," anatero a Hamoonga, osakweza mawu. "Nagula mabatili, nagula mawaya, nagula vonse vamene munakamba. Manzi yapita. Imwe ndimwe makanika olo ndimwe chani?"

"Ba bosi, nikabwela ine imalila."

"Ndiye vamene vinibaba. Mwezi uno ukasila damu ikalibe kuvalika, aba bazabwela na gasi baidule. Sinizafuna dalaiva, sinizafuna makanika."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti vuto mwina ndi dalaiva, kuti munthu wakalamba, aone yekha mmene khoma lapindikira. Mawuwo anafika pamlomo penipeni. Chimene chinandiletsa si nzeru ayi, koma kuti foni ya a Hamoonga inalira, iwo n'kuchokapo akulankhula.

Kunyumba ndinamukalipira Mwansa ngati ndiye wapanga dozayo. Ndinamuuza kuti bambo ake atimaliza tonse, kuti ufa umene uli m'thumbawo ndi wotsiriza. Iye anangokhala pa mpando wa pakhonde akusankha nyemba, osandiyang'ana n'komwe. Ndinaganiza kuti ndi mantha a njala.

Ndinaganiza zochita chinthu chimene mkamwini sachita. Ndinatenga waya wautali ndi kababu ka galimoto, n'kulawirira ku famu dzuwa lisanatuluke bwino. Ndinakoleka wayayo pa kawaya kakang'ono ka solenoidi, kuuyendetsa pansi mpaka kuseri kwa migolo ya dizilo, n'kukhala pamenepo nditabisala, kababu kali m'manja. Munthu akapotokola kiyi moto n'kufika pa sitata, kababuko kayaka. Ndinkachita manyazi ngati wakuba nkhuku, munthu wamkulu wa ana awiri kuzonda apongozi ake.

Anafika cha m'ma seveni, akukankha njinga m'malo moikwera. Ndinawamva akukwera pa doza, ndipo anatenga nthawi yaitali. Kenako kunangoti zii. Ndinayang'anitsitsa kababu, sikanayake. Ndinadikira, sikanayakebe. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu matenda anabwera ine ndilipo. Moto sunkafika pa sitata. Mabatire, sitata, sefa, zonse zija ndinangovutitsa nazo munthu. Vuto linali pamwamba, pakati pa kiyi ndi solenoidi.

Ndinasuzumira pakati pa migolo. Apongozi anali pampando, ndipo ndinaona akutenga dzanja lawo lamanzere ndi lamanja, kulinyamula ngati chinthu cha mwini, n'kuliika pa liva ya loko. Anafikira kiyi ndi dzanja lamanja, kutsamira kumanzere, dzanja lija n'kutsetsereka kugwera pantchafu. Analinyamulanso. Anayesa ndi chigongono, kiyi n'kutalikira. Anayesa kukweza bondo kuti likanikize livayo, koma mwendo nawo sunkamvera bwino. Kenako anangokhala, akupuma mwamphamvu, n'kutulutsa foni m'thumba la shati.

Pamenepo zonse zinandibwerera. Pansi pa liva ya loko pamakhala kaswichi kamene kamalola moto kupita ku sitata pokhapokha livayo itatsika mpaka pansi. Ine ndine munthu wathupi, ndipo ndikakhala pampando uja dzanja langa lamanzere limatsamira pa livayo ndisakudziwa n'komwe. Kaswichiko kanali katadyeka, kankafuna munthu woikanikiza. Ndinakumbukira mphira uja ndinaudula ndi mpeni, ndi mawu amene ndinakuwa pamaso pa anyamata, ndipo ndinamva kutentha kumaso.

Ndinatuluka kuseri kwa migolo n'kukwera pa doza iwo ali pomwepo. Anadzidzimuka, n'kuyesa kuimirira kuti andipatse malo.

"Bashi Taonga, lekani niseluke. Si bwino so."

"Nkalani, batata." Ndinagwada pa chitsulo pambali pa mpando. "Nipatseni kwanja."

Anayang'ana kumbali nthawi yaitali, kenako anatambasula dzanjalo. Ndinaika zala zanga ziwiri m'chikhatho mwawo.

"Finyani."

Anafinya. Mwana wanga wamng'ono amafinya kuposa pamenepo.

"Kuyambila liti?"

"Okutoba. Ninauka chabe kuseni, napeza kwalema. Masiku yena kumagwilako, masiku yena kulibe." Anayang'ana liva ija. "Iyi mashini kuchokela kale imafuna uikanikize apa ndiye ilile. Nenze kuchita osaganiza. Manje nikakamba ati sinikwanisa, ba Hamoonga bazafuna munyamata wamphamvu."

"Ku kiliniki munayenda?"

"Nimayenda. Ati ni BP. Mankwala nikumwa." Kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo, anandiyang'ana m'maso. "Musauze munthu, batata. Napapata."

Ndinamasula mabawuti anayi a chivundikiro cha pansi pa liva. Kaswichi kanali pomwepo, kamutu kake katadyeka mbali imodzi, kodzaza fumbi ndi girizi wakale. Ndinakatsuka ndi dizilo, kuika mawashala awiri kumbuyo kwake kuti kayandikire, n'kumanganso. Ntchito yonseyo sinatenge nthawi yophikira tiyi. Ndinatsitsa liva ndi chala chimodzi, n'kuwauza apongozi kuti apotokole kiyi. Doza inalira. Sindinasangalale ngakhale pang'ono, ndinkangofuna kulira nanenso.

Malichi

A Hamoonga ndinawauza kuti vuto linali kaswichi, ndipo ndinawatsegulira kuti aone mawashala anga. Zimenezo zinali zoona. Bodza linali lakuti ndiyenera kukhala pa doza tsiku lonse kuti ndizimvetsera injini. Sindikanalola munthu wa dzanja limodzi kukankha dothi pamwamba pa khoma lalitali chonchija ali yekha. Ndinapempha masabata awiri owonjezera, iwo n'kundipatsa monyinyirika.

Choncho ndinkakhala pa bokosi la mabatire, bondo langa likugunda bondo la apongozi. Iwo ankagwira chitsulo chokankhira dothi ndi mbali ya kumanja, ine ndili pa liva ya kumanzere. Akagwedeza mutu ndinkakoka, akatukula chibwano ndinkasiya. Tsiku loyamba tinatsala pang'ono kutsetserekera m'kamtsinje chifukwa ndinakoka mochedwa, ndipo anandikalipira ngati mwana wawo, kenako onse awiri tinachita manyazi. Pofika tsiku lachitatu tinali titamvana. Munthu uja ankalidziwa dothi. Ankamva ndi mpando kuti apa pafewa, apa pali mwala, ine ndisanaone kalikonse.

Nkhani inafika m'komboni kuti bashi Taonga akukhala mpando umodzi ndi apongozi awo. Bana Mpundu anandifunsa ngati njala yatha ndi ulemu womwe. Ndinangoseka, ngakhale mkati ndinkapsa. Tsiku lina a Hamoonga anaimitsa doza n'kutiyang'ana nthawi yaitali.

"Mashini imozi, bamuna babili. Ba Mulenga, muli bwino imwe?"

Apongozi anawerama. Dzanja lija linali pantchafu, ataliphimba ndi chipewa.

"Bali bwino, ba bosi," ndinayankha msanga. "Ndine nifuna kupunzila kuyendesa. Makanika wamene saziba kuyendesa ndiye amagulisa bantu mabatili pachabe."

A Hamoonga anaseka pang'ono n'kuchoka. Malaya anga anali atanyowa ndi thukuta mpaka m'chiuno.

Tinatseka mpata uja pakati pa mwezi. Kenako tinadikira, kumwamba kuli mbee, chimanga m'minda yonse chitasanduka udzu wouma. Sabata yotsiriza ya Malichi, anthu atataya kale mtima, kunagwa mvula masiku awiri. Ku chimanga inabwera mochedwa, koma kamtsinje kanayenda, ndipo madzi anaima kuseri kwa khoma lathu mpaka kufika m'chiuno mwa munthu. A Hamoonga anayamba kufesa repu ndi tomato, n'kunena kuti chilimwe chino akuza damuyo. Anthu a ku Mandevu aja sanabwerenso.

Meyi

Chinsinsi cha apongozi ndinachisunga miyezi iwiri ndi theka, ndipo ndinkadzitama nacho mumtima, ine munthu wosasunga mawu. Ngakhale Mwansa sindinamuuze. Ndinkaopa kuti akamva kuti bambo ake anagwidwa ndi sitiroko adzasweka mtima, pamene anali ataonda kale ndi chaka chimenechi.

Tinapita kukakolola kamunda kake Loweruka lina mmawa. Kukolola kwake kunali kungoyenda m'mizere ndi beseni, kufinya chisononkho chilichonse kuti timve ngati muli kanthu. Zambiri zinali zopanda njere, zina zili ndi njere khumi zotalikirana ngati mano a nkhalamba. Munda wonse unatipatsa beseni limodzi losadzaza. Titakhala pamthunzi ndinaona kuti nthawi yakwana, chifukwa apongozi anali atavomera kuti mwezi wamawa adzapempha okha ntchito yopepuka yoyang'anira pampu, ine n'kutenga doza.

"Bana Taonga, pali nkani. Mulimbe mtima. Batata kwanja kwao kwa kumanzele sikugwila bwino."

Sanasiye kusenda chimanga chimene chinali m'manja mwake.

"Niziba."

"Muziba? Bakuuzani liti?"

"Okutoba. Ndine nimabapeleka ku kiliniki. Ndine nimabamangila mabatani ya shati pa Sondo, bamayo maso yao siyaona bwino."

Ndinamutembenukira.

"Nanga mafoni yonse yaja? Benze kukamba chani?"

"Benze kukamba ati, mwana wanga, lelo kwakana." Anaponya chisononkho m'beseni. "Ine nenze kukuuzani ati yakana."

Kwakana, yakana. Iwo ankanena dzanja, iye n'kundipatsira makina. Miyezi inayi ya minibasi, sitata paphewa, kunyozedwa ndi anyamata a pafamu, kutchedwa wakuba m'komboni, zonse zinali pa kachidutswa ka liwu kamene mkazi wanga ankakasintha pakati pa foni ziwiri. Ndinaimirira, magazi akuwira.

"Munaniona nivutika. Munamvela bantu banitana kawalala. Doza inasala pang'ono kudulidwa, imwe muli chabe zii?"

"Batata benze kufuna kukuuzani mu Disemba, pamene munajuba legeni ija. Ndine ninabalesa."

"Chifukwa chani?"

Anakweza maso n'kundiyang'ana. Sanali kulira, koma nkhope yake inali yotopa kwambiri.

"Ndaba nimakuzibani, bashi Taonga. Ba Hamoonga bakanakukalipilani kamozi chabe, imwe mukanakamba vonse kuti muziwombole. Batata bakanapishiwa siku yamene iyo, na saka yao ya unga. Nenze kufuna muvione mweka na maso yanu, ndaba mukaona mweka mumankala na chifundo. Mukauziwa na muntu mumankala chabe na ukali." Anapukuta manja pa chitenje. "Muganiza ati nenze kugona bwino?"

Ndinafuna kumutsutsa. Ndinafunafuna mawu, ndipo mmalo mwake ndinakumbukira mmawa uja a Hamoonga atandifunsa ngati ndine makanika, mawu ali pamlomo panga, foni yawo n'kulira. Ndinkangowaganizira ulesi chabe nthawi imeneyo, koma ndinatsala pang'ono kuwagulitsa. Ndikanadziwa za dzanja, sindikanadikira n'komwe kufunsidwa. Ndikanaulula mu Novembala momwe, ndipo ndikanapita kunyumba ndikudziona ngati munthu wachilungamo.

Ndinakhalanso pansi. Mkwiyo unalipo ndithu, ndipo unatenga masabata kuti uthe, koma ndinasowa poutula. Mwansa anatola zisononkho ziwiri zimene zinagwera pambali, kuziika pamwamba pa zinzake, n'kuimirira.

"Manje mwaziba," anatero. "Nyamulani beseni, tipitile kwa batata tibasiyileko hafu."